Calkinsia aureus

Calkinsia aureus ndi kamoyo ka selo imodzi komwe kamakhala m'matope a pansi pa nyanja yamchere, m'malo momwe mpweya wa okosijeni ndi wochepa kwambiri. Kali m'gulu la Euglenozoa, momwenso muli Euglena ndi tizilombo ta Trypanosoma toyambitsa matenda a kaodzera. James Lackey ndiye anakapatsa dzinali mu 1960. Kamapezeka kwambiri ku Santa Barbara Basin, kufupi ndi gombe la California ku America, pakuya kwa mamita pafupifupi 600.

Kapangidwe ka selo

Kamoyoka ndi kamtundu wa olenji ndipo n'kakang'ono moti titandanda 20 pamzere, timangokwana milimita imodzi. Kali ndi timichira tiwiri. Kamchira kakutsogolo ndi komwe kamakathandiza kuyenda pamatope, pomwe kenako kamakhwekhwerezeka kumbuyo. Kunja kwa selo kuli chikuto chochindikala, ndipo pamwamba pa chikutocho pamamatirira mabakiteriya ooneka ngati tindodo, omwe amakuta thupi lonse.

Pansi pa khungu la seloyi pali tizigawo tochokera ku mitochondria. Mu zamoyo zambiri, mitochondria imagwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu, koma tizigawo ta Calkinsia tilibe timapinda tam'kati timene timagwira ntchitoyi. Timafanana ndi tizigawo totulutsa haidrojeni.

Ubale ndi mabakiteriya

Popeza tizigawoti tili pafupi kwambiri ndi mabakiteriya, asayansi amaganiza kuti mbali ziwirizi zimapatsana zofunika pamoyo. Mabakiteriyawa ndi achibale a Arcobacter. Zikuoneka kuti amadya zomwe selo imatulutsa, ndipo amaiteteza ku hydrogen sulfide, mpweya wapoizoni wonunkha ngati dzira lovunda, womwe ndi wambiri m'matope otere.

Kusinthika kwake

Mu 2009, Naoji Yubuki, Brian Leander ndi anzawo atafufuza kapangidwe ka seloyi komanso DNA yake, anakhazikitsa kagulu katsopano kotchedwa Symbiontida. M'kaguluka mulinso Postgaardi mariagerensis ka ku Mariager Fjord ku Denmark, ndi Bihospites bacati kopezeka mumchenga wa m'gombe ku British Columbia, Canada. Tonseti timakhala mopanda okosijeni wokwanira ndipo n'tokutidwa ndi mabakiteriya.

Khungu la Bihospites lili ndi mizere yofanana ndi ya Euglena, pomwe Calkinsia alibe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe ofufuza ena amanenera kuti makolo a kaguluka anali abale a Euglena, omwe anasintha pang'onopang'ono atayamba kudalirana ndi mabakiteriya.