MTANDA WACITSULO ULIMBITSA GALIMOTO, KOMA SUCIRITSA YONG'ALUKA

M'Cigawo ca Kum'mawa ulendo wa galimoto suthera pa mseu wa tara wa Great East. Pa Petauke, pa Katete ndi pa Chipata pomwe, magalimoto ang'onoang'ono amapatuka ndi kulowa m'miseu ya dothi atanyamula anthu, matumba a cimanga ndi nshawa, ndipo nthawi zina wodwala wofulumira naye ku cipatala. Ambiri a magalimoto amenewa ndi aja ogwirapo kale nchito ku Japan, amene atsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Nakonde. Kwaoko anazolowera miseu yosalala. Kuno akumana ndi maenje, miyala ndi mizere yonga ya malata imene igwedeza galimoto lonse.

Magalimoto akuluakulu monga Land Cruiser ndi Hilux ali ndi chasisi ya zitsulo ziwiri zazitali, ndipo thupi lingokhazikidwa pamwamba pake. Ang'ono monga Toyota Corolla alibe zitsulo zimenezi. Thupi lenilenilo, la malata opyapyala owochereredwa pamodzi, ndilo lisenza zonse. Gudumu lililonse la kutsogolo lili ndi shoko yoimirira yokhala m'kati mwa sipiring'i, ndipo mutu wa shokoyo umangidwa ndi manati atatu pa nsanamira ya citsulo m'mbali mwa injini. Kapangidwe aka kachedwa ndi dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America, ndipo kanachuka ndi Ford Consul ndi Ford Zephyr, magalimoto amene anaonetsedwa ku Britain m'caka ca 1950.

Pakati pa nsanamira ziwirizi pali mpata waukulu wokhalamo injini. Gudumu likagwa m'dzenje, kapena galimoto likakhota ndi katundu, nsanamira imodzi ipendekeka pang'ono, mosaoneka ndi maso, kenaka ibwerera. Aliyense amene anamangapo nyumba adziwa kuti zipupa zopanda mtanda zimatakasuka denga likalemera. Ndico cifukwa cace amisiri amaika mtanda wacitsulo, umene amakaniko aucha strut brace, kuti ulumikize mitu ya nsanamirazo ndipo zithandizane kusenza mphamvu ya mseu.

KAPANGIDWE KACE

Mtanda umenewu ungathe kupangidwa ndi mmisiri wodziwa kuwocherera, malinga akhale wodekha poyeza. Coyamba, galimoto liimikidwa pa malo a thyathyathya, matayala onse anai ali pansi ndipo ciwongolero cili colunjika. Kuyeza galimoto lili pa jeke kubala mtanda wosakwana likatsitsidwa.

Mmisiriyo amasula manati atatu a m'mbali mwa mutu wa shoko, nadula katoni yosonyeza pamene pali mabauti. Nati yaikulu ya pakati siikhudzidwa konse, pakuti ndiyo igwira sipiring'i yopanikizidwa, imene ingathe kuvulaza munthu itafwamphuka. Potsata katoniyo adula mbale ziwiri za citsulo cocindikala mamilimita 3 kufikira 5, naboola mabowo. Mbale ikacindikala kopitirira, bauti siitulukira pamwamba pa nati, ndipo nati yogwira theka ingathe kumasuka pa ulendo.

Mtanda weniweniwo ukhale paipi ya citsulo cakuda, ya mamilimita 25 kufikira 32 m'mimba mwace, yocindikala ngati mamilimita 2. Citsulo comangira nyumba siciyenera, cifukwa cipindika msanga cikakanikizidwa. Paipi yoyera ya madzi nayonso ipewedwe, popeza utsi wace powocherera udwalitsa mmisiri. Paipi yowongoka ndiyo yolimba. Paliponse pamene yapindidwa ikhala ngati uta, ndipo mphamvu yace icepa.

Pamenepa ndipo pafunika maso. Injini igwedezeka ikamalira, motero mtanda usiye mpata wolowa cala pamwamba pace. Usachinge civundikiro ca mafuta a mabuleki, ndipo ukhale patali ndi mutu wa batire, cifukwa citsulo cikaukhudza moto ubuka. Pofuna kudziwa ngati boneti idzatsekeka bwino, mmisiri aika kampira ka dothi lofewa pamwamba pa paipi, natseka boneti pang'onopang'ono. Dothi likaphwatalala kotheratu ndiye kuti paipi yakwera kwambiri.

Zonse zikakhala m'malo, amasula waya wa batire, naphimba injini ndi mapaipi a petulo ndi masaka onyowa, ndipo alumikiza paipi ku mbalezo ndi timadontho tocepa cabe. Kuwocherera kwenikweni kucitikira pa benchi, kutali ndi galimoto, pang'ono mbali ino, pang'ono mbali inayo, kuti kutentha kusakhotetse citsulo. Mtanda ukazizira upakidwa penti yochinga dzimbiri. Wopangidwa bwino ulowa pa mabauti wokha, wopanda nyundo. Wofuna kuukakamiza ubwezedwe pa benchi, pakuti udzakoka nsanamira ndi kupotoza magudumu. Potsiriza manati amangidwa molingana, ndipo galimoto lipita kukayezedwa ngati magudumu ali olunjika.

ZIMENE MTANDA SUNGACITE

Eni magalimoto asanyengedwe kuti citsulo cimodzi cisandutsa Corolla kukhala lole. Phindu la mtanda ndi lakuti kutsogolo kwa galimoto kukhala kogwirana, ndipo ciwongolero cimvera bwino pokhota. Suonjezera katundu amene galimoto lingasenze, sulowa m'malo mwa mashoko otha, ndiponso sukonza mseu. Galimoto likagundidwa mbali imodzi, mtandawo ungathe kupereka mphamvuyo ku mbali inayo, zonse ziwiri n'kuonongeka.

Coopsa koposa ndi kumanga mtanda pa nsanamira yodwala kale. Zizindikiro zace zioneka kwa aliyense wotsegula boneti: penti yong'ambika mozungulira mabauti, dzimbiri lofundula citsulo, mutu wa nsanamira wotukumuka ngati bowa, ndi tayala lotha mbali imodzi yokha. Zikaoneka zotere, malowo ayambe akonzedwa ndi mmisiri wodziwa za thupi la galimoto. Mtanda wopakidwa penti yonyezimira ungathe kubisa mng'alu kwa wogula kapena wokwera, koma tsiku limene nsanamira idzathyoka, shoko idzatulukira ku boneti ndipo woyendetsa sadzathanso kuwongolera. M'galimotomo mudzakhala muli amai ndi ana a anthu.

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, ndilo liyeza magalimoto ngati ali oyenera kuyenda. Koma oyezawo aona galimoto pa tsiku limodzi lokha, pamene mwini wace aliona m'mawa uliwonse. Mwini wanzeru atsegula boneti pakutha pa nyengo ya mvula, naona manati a mtanda ngati akali omangika, ndipo ayendetsa pang'onopang'ono pa mizere ya mseu. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.