Kusamba m'manja pa pulazi: sopo, madzi ndi sanitaiza

Ngati mumakhala kapena kugwira ntchito m'mapulazi a ku Mashonaland, monga a ku Chegutu, Banket, Mazowe kapena Marondera, manja anu amagwira dothi, manyowa, fodya ndi mankhwala opopera mbewu, kenaka amatema nsima ndi kudyetsa mwana. Kolera, taifodi ndi matenda ena otsekula m'mimba amafala pamene tizilombo ta m'chimbudzi talowa m'kamwa, ndipo nthawi zambiri timadzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja osasamba.

Kolera si wachilendo kuno. M'zaka za 2008 ndi 2009 anthu oposa 98,000 anadwala matendawa m'Zimbabwe ndipo oposa 4,000 anamwalira. Mliri wa mu 2023 unayambira ku Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West. M'makomboni momwe mabanja ambiri amatunga pa mjigo umodzi ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, matendawa sachedwa kufalikira.

Nthawi zosamba m'manja

Sambani m'manja mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike, musanadye ndiponso musanayamwitse kapena kudyetsa mwana. Sambaninso mukaweruka kumunda, mukagwira ziweto, komanso musanagwire wodwala ndiponso mukatha kumusamalira.

Kasambidwe koyenera

Nyowetsani manja ndi madzi oyera, pakani sopo, ndipo tikitani kwa masekondi osachepera 20: zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi m'zikhadabo. Tsukuluzani ndi madzi oyenda. Umitsani ndi kansalu koyera kapena lolani kuti manja aume okha. Sopo aliyense, ngakhale wochapira zovala, ndi wokwanira. Akasowa, phulusa loyera la pamoto lingathandize.

Musasambire m'beseni limodzi

M'mabanja ambiri akuluakulu amayamba kusamba m'beseni, ana n'kutsirizira m'madzi omwewo. Choncho mwana, yemwe amafooka msanga akatsekula m'mimba, ndiye amasamba m'madzi akuda kwambiri. Ulemu kwa akulu ungasungike mwa njira ina: wina azithira madzi ndi jagi, kuyambira kwa wamkulu, ndipo beseni lizingolandira madzi akudawo.

Pakhomo pa chimbudzi ikani mpondagiya. Boolani kabowo pa chigubu, chipachikeni pa mtengo wopingasa, ndipo mangani chingwe kuchokera pa chigubucho kufika pa kamtengo kopondapo ndi phazi. Sopo mumpachike pambali. Njirayi inayambira ku Mashonaland konkuno: m'zaka za m'ma 1980 Dr Jim Watt wa Salvation Army ku Chiweshe anaipanga pogwiritsa ntchito chikho. Imasunga madzi, ndipo palibe amene amagwira chigubu ndi manja akuda.

Nanga sanitaiza?

Sanitaiza ndi wothandiza pamene madzi ndi sopo palibe, monga m'basi, pamsika kapena pamzere wa kuchipatala. Werengani pa botolo: alcohol wake asachepere 60 peresenti. Thirani wokwanira kunyowetsa manja onse, ndipo tikitani mpaka aume. Musapukute asanaume.

Dziwani kuti sanitaiza amapha tizilombo tambiri koma sachotsa litsiro. Sagwira bwino ntchito pa manja a matope kapena a mafuta, ndipo sachotsa mankhwala opopera mbewu. Mukatha kupopera, kuthira feteleza kapena kuthyola fodya, sambani ndi sopo ndi madzi musanadye chilichonse. Masamba a fodya onyowa amasiya nikotini pakhungu, ndipo akalowa m'thupi amayambitsa nseru, kusanza ndi chizungulire.

Sungani sanitaiza kutali ndi moto chifukwa amayaka, ndiponso pomwe ana sangafike. Mwana akamwa sanitaiza, pitani naye kuchipatala mwamsanga.

Kwa osamalira odwala

Ngati mukusamalira munthu wotsekula m'mimba kapena wosanza, sambani ndi sopo nthawi iliyonse mukagwira zovala zake, zofunda zake kapena chimene akudzithandiziramo. Zonyansazo tayani m'chimbudzi. Pa maliro a munthu amene wamwalira ndi kolera, tsatirani malangizo a azaumoyo ndipo pewani kupatsana moni wa m'manja.

Ngati wina akutsekula m'mimba mwa madzi okhaokha, yambani kumumwetsa madzi a shuga ndi mchere nthawi yomweyo: masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'botolo la 750 ml la madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Pitirizani kumumwetsa m'njira popita kuchipatala chapafupi. Musadikire kuti kuche, pakuti kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa.