CHILUNGAMO POSANKHA OPHUNZIRA OPITA KU YUNIVESITE

Chaka ndi chaka, bungwe la NCHE likatulutsa maina a ana amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'maparishi mwathu mumamveka nthungululu pakhomo lina, pomwe pakhomo linzake pali zii ngati pamaliro. Okhoza mayeso a Fomu 4 ndi ambiri, koma malo ndi ochepa. Tsono chinthu chabwino chikachepa, ochifuna nachuluka, funso la chilungamo silipeweka: apatsidwe ndani, ndipo pa chifukwa chanji? M'nkhani muno tiona mbali imodzi ya funsoli, ndiyo kusiyana kwa sukulu zimene anawo amachokera. Ife ansembe ndi aseminale nkhaniyi ikutikhudza, pakuti ana otsalawo timakhala nawo m'midzi, ndiponso zina mwa sukulu zimene zimakhozetsa kwambiri nzathu zomwe.

Muyeso umene tili nawo

Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa nambala, kuyambira 1, ndiko kukhoza koposa, mpaka 9, ndiko kulephera. Wofuna malo ku yunivesite ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Nambala za maphunziro amenewa akaziphatikiza zimapereka mapointi ake, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti mwanayo wapambana. Palibe angapose mapointi 6.

Muyeso umenewu uli ndi ubwino wake umene sitiyenera kuupeputsa. Mayeso ndi amodzi dziko lonse, ndipo wochonga sadziwa ngati pepala ndi la mwana wa nduna kapena la mwana wamasiye. Komabe tidzifunse: kodi mapointiwo amayesa chiyani kwenikweni? Tiyerekeze alimi awiri. Woyamba walima m'dambo lachonde, wathira feteleza kawiri, nakolola matumba khumi. Wachiwiri walima pamchenga popanda feteleza, nakolola matumba asanu ndi atatu. Sikelo idzati woyamba wapambana, ndipo sikeloyo sikunama. Koma mwini munda amene akufuna mlimi woti amusungire munda wake sangafunse sikelo yokha. Zokolola zimaonetsa mlimi ndi nthaka pamodzi. Momwemonso mapointi amaonetsa mwana ndi sukulu yake pamodzi.

Sukulu zathu sizofanana

Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa sekondale zoyendera, zimene timazitcha ma CDSS. Sukulu zimenezi zidatsegulira khomo ana ambirimbiri, koma zochuluka zidayamba popanda labotale, popanda mabuku okwanira, ndi aphunzitsi amene adaphunzira ntchito ya ku pulaimale. Mwana wa kumeneko amayenda mtunda wautali, akaweruka amakatunga madzi kapena kukalima, ndipo ena amaona zipangizo za sayansi koyamba tsiku la mayeso.

Mbali inayi kuli sukulu zogonera komweko, kumene mwana amadya katatu, amawerenga usiku pa magetsi, ndipo belu limamudzutsa. Zina nza eni ake, monga Kamuzu Academy imene idatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama. Zina nza mipingo zothandizidwa ndi boma. Zina ndi maseminale athu aang'ono. Pano tichenjere ndi kuganiza kwachidule koti sukulu ya pulaiveti njabwino, ya boma njoipa. Boma lili ndi sukulu zamphamvu ngati ya Dedza ndi Lilongwe Girls, ndipo ziliko sukulu za pulaiveti zimene zimangotolera ndalama m'nyumba yakale ya sitolo. Malire enieni ali pakati pa sukulu yokhala ndi zipangizo ndi sukulu yopanda kanthu. Koma nzoonanso kuti kawirikawiri ndalama za makolo ndizo zimaika mwana mbali iyi kapena iyo ya malirewo.

Zimene anzeru akale adaphunzitsa

Aristotle, m'buku lachisanu la Nicomachean Ethics, adasiyanitsa chilungamo cha pamalonda ndi chilungamo cha pogawa. Pamalonda, chimene ndapereka chilingane ndi chimene ndalandira. Pogawa katundu wa anthu onse, aliyense alandire molingana ndi kuyenera kwake. M'buku la Politics adapereka chitsanzo cha zitoliro: zikachepa, zabwino koposa zipite kwa odziwa kuimba, osati kwa obadwira kuufumu kapena okongola, pakuti chitoliro ntchito yake nkuimba. Tanthauzo lake nlakuti muyeso wogawira chinthu uyenera kuchokera ku cholinga cha chinthucho.

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adapitiriza ganizoli pofotokoza tchimo la tsankho. Iye adati tsankho ndiko kupatsa munthu chinthu poyang'ana mbali ina ya munthuyo imene siikhudzana ndi chinthucho. Wokweza mnzake pa udindo wa uphunzitsi chifukwa cha nzeru zake wachita chilungamo. Womukweza chifukwa ndi wolemera kapena ndi mbale wake wachita tsankho.

Tsono cholinga cha malo a ku yunivesite nchiyani? Si mphotho ya zimene mwana adachita kale. Ndi mwayi woti aphunzire, adzakhale dotolo, mphunzitsi kapena katswiri wa ulimi wotumikira dziko limene misonkho yake yamulipirira. Woyenera malowo ndi amene angathe kuphunzira bwino koposa. Mapointi ndi mboni ya kuyenerako, koma mboni imafunika kuifunsa bwino. Wopeza mapointi 16 pa CDSS yopanda labotale angathe kukhala wakuthwa kuposa wopeza 12 pa sukulu imene theka la kalasi limapeza zotero. Tikawerenga nambala yokha, chuma cha makolo chimalowa m'chisankho mobisika, chitavala malaya a nzeru. Limenelo ndi tsankho lomwe lija, ngakhale palibe munthu adalifuna.

Kodi kota idayankha funsoli?

Dziko lathu lidayesapo kale kukonza kusiyana, koma poyang'ana boma limene mwana amachokera. Ndondomeko ya kota idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1993 bwalo lalikulu la milandu lidaikana. Mu 2009 idabwezeretsedwa. Mu 2020 boma lidalengeza kuti yatha. Aepiskopi athu, m'kalata yao ya pa Lenti ya 1992, adapempha kuti njira zosankhira ophunzira zikhale zodziwika kwa onse ndi zosapondereza gulu lililonse.

Tikaiyesa kota ndi muyeso wa Aquinas, vuto lake likuoneka. Mudzi wa makolo sunena kanthu za mmene mwana adaphunzirira. Mwana wa munthu wolemera, wokulira mumzinda ndi kuphunzira sukulu yodula, ankatha kulowa pa dzina la boma limene amangopitako pa maliro, pomwe mwana wosauka wa boma lina ankatsala ngakhale adakhoza koposa. Kota idaona kuti pali bala, koma idamanga mwendo wina.

Zimene maiko ena adayesa

Ku Britain ana ophunzira sukulu zolipira ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse, komabe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anali pafupifupi atatu mwa khumi alionse a m'dzikomo olowa ku Oxford. Mu 2014 bungwe la HEFCE lidapeza kuti ana a sukulu za boma amakhoza bwino digiri kuposa anzao a sukulu zolipira amene adalowa ndi magiredi ofanana nawo. Nchifukwa chake mayunivesite ambiri kumeneko amawerenga magiredi pamodzi ndi mbiri ya sukulu ndi dera la mwana. Dziko la Brazil lidatsata njira yolimba: lamulo la 2012 lidapatula theka la malo a m'mayunivesite a boma lalikulu kuti likhale la ana ochokera ku sekondale za boma. Njira ziwirizi nzosiyana, koma zonse zikuyang'ana kumene mwana adaphunzira, osati kumene agogo ake adabadwira.

Mau otsutsa

Wina adzati: mwana wa sukulu yabwino adalakwanji? Amai ake adagulitsa mbuzi kuti amulipirire, ndipo iye adawerenga usiku ndi usana. Mau amenewa ngolemera, ndipo tiwamvere. Mwanayo sadalakwe, ndipo sayenera kulangidwa. Koma kuwerenga mboni molondola si chilango. Palibe amene ali ndi ufulu woti mwayi umene adali nawo uwerengedwe ngati nzeru zake zobadwa nazo. Komabe mau otsutsawa akutiikira malire atatu. Poyamba, asalowe munthu amene sangathe maphunzirowo, pakuti kutero nkumunyenga iye ndi odwala amene adzawapime. Kachiwiri, muyeso ukhale wolembedwa ndi wodziwika mwana asanalembe mayeso, kuti pasakhale khomo la ziphuphu. Kachitatu, chiyang'anidwe ndi mkhalidwe weniweni wa sukulu, osati dzina loti ya boma kapena ya pulaiveti.

Tivomerenso kuti kukonza chisankho sikumanga labotale. Mwana amene sadaphunzire konse Physics sangathandizidwe pa khomo la yunivesite. Adayenera kuthandizidwa ali Fomu 1.

Pomaliza

Apa ndi pamene nkhaniyi ikubwerera kwa ife. Timanyadira zotsatira za sukulu zathu, ndipo nkoyenera. Koma tidzifunse kuti mwa ana amene timawalandira, ndi angati amene makolo ao sakadatha kulipira. Pafupi ndi sukulu zathu zambiri pali CDSS imene ana ake amadutsa pa mpanda wathu tsiku ndi tsiku. Labotale yathu imakhala yotseka Loweruka ndi pa tchuthi. Kuitsegulira iwo sikufuna lamulo la ku Nyumba ya Malamulo, kungofuna mtima wa bambo mfumu ndi mphunzitsi wamkulu. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Maina akadzatulukanso, tisawerenge okhawo a sukulu yathu. Tidzafunsenso za mtsikana uja wa kutsidya kwa mpanda amene adatsala ndi mapointi awiri okha.