Njinga ya Moto ya Mawilo Atatu ndi Kulemera kwa Woikwera

Anzanga ena amene timapita nao ku Songani amayesa kuti njinga ya moto ingofuna petulo basi. Iai, ifunanso kuikonza molingana ndi kulemera kwa munthu woikwera, makamaka ikakhala ya mawilo atatu, yokhala ndi kangolo pambali pace. Njinga zotere, zochedwa eRanger, zinagwira nchito ya ambulansi ku Makanjira, Mase ndi Phirilongwe m'boma la Mangochi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kunyamula amai apakati.

Kumbuyo kwa njinga kuli mashoko awiri, ndipo shoko iri yonse iri ndi sipuling'i yace. Pansi pa sipuling'i pali mphete yacitsulo ya mano onga makwerero, kawirikawiri 5, imene tiipotoza ndi sipanala yokhota ngati mbedza. Apa mpamene ambiri alakwa, pakuti aganiza kuti akapotoza ndiye kuti sipuling'i yalimba. Siilimba ai. Ingopanikizidwiratu, kotero kuti munthu akakhalapo njinga siititimira kwambiri.

Kayesedwe kace nkotere. Tukulani kumbuyo kufikira mashoko atatambasuka, ndipo muyese ndi tepi kucokera pakati pa wilo kufika pa mpando. Tsono mwini njinga akhalepo, muyesenso. Njinga ititimire gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda umene wilo lingayende: ngati liyenda mamilimita 90, ititimire 30.

Taganizani bambo wa makilo 90 atakwera njinga yokonzedwera mnyamata wa makilo 55. Njinga ititimira, koma wilo la kangolo silititimira nayo, ndipo njinga ipendekera kumanja, popeza kwathu kuno kangolo kakhala kumanzere. Akakhotera kumanzere mwaliwiro, wilo la kangolo linyamuka, ndipo wodwala uja ali pangozi. Pa misewu yafumbi yotsikira ku Nyanja ya Chilwa shoko igunda pansi pa dzenje liri lonse, ndi kumveka kuti gu! Mnyamata wopepuka naye akakwera ya bamboyo angodumphadumpha ngati ali pa bulu.

Mashoko onse awiri akhale pa dzino lofanana. Ngati mwafika dzino lomariza koma njinga iri kutitimirabe, musabvutike kupotoza. Sipuling'iyo yatopa, kapena katundu wacuruka.