MANKHWALA OIKIDWA M'KATI MWA PFUPA APULUMUTSA MIYENDO

Kawirikawiri nkhani yace imayamba ndi ngozi. Mlimi agwa pa ngolo kapena pa njinga yamoto, mwendo uthyoka, pfupa nkuturukira kunja. Miyezi ipita, pfupa lilumikizana, koma pamsongolo patsala kacilonda kamene kamaturutsa mafinya, kupola pang'ono, kenaka kuphulikanso. Mwini wace amwa mapiritsi a mitundumitundu koma osaona kusintha. Khasu aliika pansi, banja nkuyamba kugula cimanga. Pamudzi ena ayamba kunong'onezana kuti munthuyo anaponda mankhwala.

Madotolo amaicha nthendayi osteomyelitis, ndiko kuti kuola kwa pfupa. Imadza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, makamaka tochedwa Staphylococcus aureus. Kwa akulu tizirombo timeneti timalowera pa pfupa lothyoka limene laboola khungu, pa malo ocitidwa opaleshoni, kapena pa zilonda za kumapazi za odwala nthenda ya shuga.

Nanga mapiritsi alepheranji? Mankhwala ali onse amene munthu amwa kapena kulasidwa pa nyeleti amayenda ndi magazi. Tsono nthenda ikakhalitsa, cigawo cina ca pfupa cimafa ndipo magazi safikakonso. M'menemo tizirombo timamanga mudzi, nkudziphimba ndi cinthu conanda cimene mankhwala sacilowa msanga. Kuonjezera muyeso wa mankhwala amphamvu monga gentamicin kuli ndi ngozi yace, pakuti akacuruka m'magazi amaononga impso ndi makutu.

Nzeru yoika mankhwala m'simenti ya mapfupa inacokera ku Germany. M'caka ca 1970 dotolo wa ku Hamburg, Hans-Wilhelm Buchholz, pamodzi ndi mnzace Engelbrecht, analengeza za kusakaniza mankhwala opha tizirombo ndi simenti yapadera yomatira mapfupa. Zaka zocepa pambuyo pace Klaus Klemm wa ku Frankfurt anaumba simenti yotereyi kukhala timikanda ta gentamicin, totungidwa pa waya wopyapyala. Kamkanda kali konse nkotambalala mamilimita 7, pafupifupi ngati njere ya nyemba.

Nchito yace imayenda motere. Wodwala akagonekedwa, dotolo amatsegula malo odwalawo, nacotsa pfupa lonse lakufa ndi mnofu woola, natsuka bwino. Amatengako tizidutswa kukapima kuti adziwe mtundu wa tizirombo. Atatero amadzaza mphako yotsalayo ndi mikanda ija, natseka cilonda. Kwa masiku ambiri mikanda imaturutsa mankhwala pang'onopang'ono. Pa malopo mankhwala amacuruka koposa momwe nyeleti ingafikitsire, pamene m'magazi mumalowa ocepa cabe.

Bvuto la mikanda ya simenti nlakuti siisungunuka. Mankhwala akatha, tizirombo tingathe kumamatira pa iyo, motero kawirikawiri pamafunika opaleshoni yaciwiri yoicotsa. Masiku ano kuli mikanda yina ya calcium sulphate imene imasungunuka yokha m'thupi patapita masabata angapo, ngakhale kuti nthawi zina imacititsa cilonda kukha madzi.

Mikanda payokha siiciritsa. Ngati pfupa lakufa latsalamo, nthenda imabweranso. Ndiponso odwala ambiri amapatsidwabe mankhwala ena kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Pa ici pali nkhani yokondweretsa kwa okhala kutali ndi cipatala: kafukufuku wa odwala 1,054 wa ku Britain, wofalitsidwa m'caka ca 2019, anaonetsa kuti mapiritsi osankhidwa bwino ndi dotolo amaciritsa nthenda za mapfupa mofanana ndi mankhwala opitira m'mitsempha. Motero ambiri angamalize mankhwala ao ali kwao.

Wina asanyengeke kuti kutsegula kapisozi ndi kuthira ufa wace pa cilonda kunyumba ndiko kucita zomwezo. Ufawo sufika pa pfupa. Umangozoloweretsa tizirombo kukana mankhwala. Comwenso kumatapo zitsamba, dothi kapena ndowe kumaitana kafumbata.

Cofunika ndi kufulumira. Munthu akathyoka pfupa nkukhala ndi bala pamalopo, phimbani ndi nsaru yoyera, mangirirani mwendo ku thabwa, ndi kumtengera ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala operekedwa m'maora oyamba amatseka njira ya nthenda. Iye amene ali ndi cilonda cakale coturutsa mafinya kapena tizidutswa ta pfupa apite ku kiliniki, apemphe kalata yomtumiza ku cipatala cacikuru monga ca Chipata, St Francis ku Katete kapena UTH ku Lusaka, kumene angajambulidwe ndi kuonedwa ndi madotolo. Wokoka fodya aleke, pakuti fodya amacedwetsa kupola kwa pfupa, ndipo wa shuga asamale nthenda yace.

Cilonda cikasiyidwa zaka zambiri cingathe kusanduka khansa, ndipo pamenepo kawirikawiri cotsala ndi kudula mwendo. Wofika msanga ali ndi mwai waukuru wobwerera kumunda ndi miyendo yace iwiri.