Lamya za M'manja pa Ulendo wa ku Mua

Ife a ku Chipoka tikafuna kuona luso la manja a Amalaŵi sitiyenda mtunda wautali. Titatsata mseu wa m'mbali mwa nyanja kuloŵera kummwera mpaka kupitirira pa Mtakataka, n'kukhotera kuphiri, tifika ku Mua, mishoni imene ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula m'chaka cha 1902. Kumeneko kuli Kungoni, malo a zosemasema amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndiponso nyumba ya Chamare, mosungidwa zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana pamodzi ndi zinthu zofotokoza miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao.

Masiku ano ambiri a ife ophunzira uphunzitsi timapita kumalo otere lamya ili m'thumba. Vuto lake nlakuti dzanja limafulumira kuposa diso: munthu afuna kujambula chigoba cha Chadzunda asanachione nkomwe, nabwerera ndi zithunzi zambiri koma wopanda mawu oti akauze kalasi lake.

Nchifukwa chake tikuti lamya ikhale m'thumba poyamba. Aliyense asankhe chinthu chimodzi chokha, aime pamaso pake mphindi zisanu, aone mtundu wake, maso ake ndi kakamwa kake, ndipo achijambule ndi pensulo m'kope. Akatuluka panja ndi pamene atenge lamya, osati kuti atole zithunzi, koma kuti adzijambule mawu kwa mphindi ziŵiri, kufotokoza chimene waona monga angafotokozere ana a Sitandade 6. Pobwerera timvetsere mawuwo tili aŵiriaŵiri. Apa mpomwe munthu amadzigwira yekha: amamva pamene wadodoma, pamene wathaŵira ku Chingerezi poti liwu la Chicheŵa lamusoŵa, ndi pamene wangoti "nchokongola" osanena kanthu.

Za kutola zithunzi tipemphe chilolezo kwa otilondolera, ndipo akakana tisaumirire. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake, ndipo zina za kudambwe sizioneka kwa aliyense. M'kalasi la ku Chipoka mumakhala ana a m'mabanja ovinidwa, a Chikhristu ndi a Chisilamu. Chithunzi chimodzi chotumizidwa mosasamala pa WhatsApp chikhoza kufika kwa anyakwaŵa mphunzitsi asanatsike nkomwe basi, ndipo wokayankha mlandu kubwalo ndi iye yemweyo.