Kukagona m'mbali mwa damu: madzi amene mabanja a ku Kadoma ndi Chegutu amapumirako

KADOMA, Zimbabwe – Dziko la Zimbabwe lilibe nyanja yaikulu yachilengedwe ngati ya Malawi. Madzi onse otambalala amene anthu a kuno amawatchula kuti nyanja, kuyambira Kariba mpaka Chivero, ndi mitsinje imene inatsekedwa ndi khoma. Munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Metangula angaone ngati mfundoyi ndi yaing'ono, koma kwa banja limene likufuna kukagona masiku awiri m'mbali mwa madzi, ndi pamene pagona nkhani yonse. Damu lililonse linamangidwa kuti ligwire ntchito inayake, ndipo ntchitoyo, pamodzi ndi zimene zimalowa m'madzimo kuchokera kumtunda, ndi zimene zimauza kholo ngati mwana angasewere pagombe kapena ayi.

Kadoma ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare mumsewu wopita ku Bulawayo, ndipo Chegutu ali pafupifupi makilomita 105 mumsewu womwewo. Mpaka chaka cha 1982 matauniwa ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Banja lochokera m'matauni awiriwa lili ndi malo atatu odziwika oti lisankhepo: Ngezi Recreational Park, kum'mwera chakum'mawa kwa Kadoma, ndiponso Lake Chivero ndi Lake Manyame, madamu awiri a pamtsinje wa Manyame kufupi ndi tauni ya Norton.

Malo onse atatuwa ali m'manja mwa bungwe la boma loona za nyama zakutchire la Zimbabwe Parks and Wildlife Management Authority, limene anthu amangolitchula kuti ZimParks. Sayendetsedwa ndi zigawo monga zimakhalira m'mayiko ena. Lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975 linagawa malo otetezedwa m'magulu angapo, ndipo gulu limodzi linapatulidwa kuti likhale la kupumulirako anthu. Kuno mlendo amaloledwa kuwedza nsomba, kuyenda pa boti ndi kukhoma tenti pamalo okonzedwa. Pachipata pamakhala ndalama yolowera, ndipo nzika za dzikoli zimalipira yochepa kusiyana ndi alendo akunja.

Kwa owerenga athu ambiri derali si lachilendo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi kuchigwa cha Zambezi ku Mozambique ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya golide monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, ndiponso m'minda ya azungu. Pambuyo pake kunabwera mafakitale a nsalu a David Whitehead ku Chegutu ndi ku Kadoma, dzina limene anthu a ku Blantyre amalidziwa bwino. Zidzukulu zawo zilipobe, ndipo m'makomboni ena Chichewa chikumvekabe ndipo gule wamkulu amatulukabe. Koma makolo amenewa sanali m'gulu la anthu amene ankakhoma matenti m'mbali mwa madamu. Malamulo ogawa malo potengera khungu, kuyambira la Land Apportionment Act la 1930, ndiponso malipiro ochepa a m'migodi, zinachititsa kuti kupumula kotere kukhale kwa azungu okhala ndi magalimoto. Tsankho la m'malamulo linatha pofika pa ufulu wa 1980. Chimene chinatsala ndi vuto la mayendedwe, chifukwa minibasi imakusiyani pamsewu waukulu, osati pagombe.

Pali mawu amodzi amene amalumikiza zilankhulo ziwiri za m'derali. M'Chichewa, msasa ndi kanyumba kongoyembekezera kamene mlenje, msodzi kapena wolondera m'munda amamanga ndi nthambi. M'Chishona mawu oti musasa amatanthauza zomwezo, komanso ndi dzina la mtengo wa m'gulu la miombo umene wadzaza nkhalango za m'mbali mwa madamuwa, uja masamba ake anthete amafiira kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala. Choncho kugona kutchire si mwambo wobwera ndi azungu. Chachilendo n'chakuti munthu agone kumeneko popanda ntchito imene yamutuma, atatenga mkazi ndi ana, n'kulipira ndalama pachipata.

Pa malo atatu aja, Ngezi ndiye ali kwayekha. Damuli linamangidwa m'zaka za m'ma 1940 pamtsinje wa Ngezi pofuna kusunga madzi a malo opangira magetsi a Umniati, amene masiku ano amatchedwa Munyati. Malo onse otetezedwa ndi okwana mahekitala oposa 6,000, ndipo madzi amatenga gawo lochepa chabe la malowa. Damuli lili pa Great Dyke, mtandadza wa mapiri a miyala yamtengo wapatali umene unadutsa pakati pa dziko la Zimbabwe, ndipo chapafupi pali mgodi wa pulatinamu wa kampani ya Zimplats, imene inamanga msewu wa phula wochokera ku Selous, pakati pa Chegutu ndi Norton. Wochokera ku Kadoma angathenso kulowera pa Battlefields, mumsewu wopita ku Kwekwe. Ubwino wa Ngezi ndi wakuti kumtunda kwake kulibe mzinda waukulu wothira zonyansa m'madzi. Komabe m'damumo muli ng'ona ndi mvuu, choncho si malo osambira. Mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu ndipo zimabwerera m'madzi kudzera m'tinjira tomwe tomweto tsiku ndi tsiku. Wokhoma tenti ayang'ane pansi kaye: kanjira kopondedwa kochokera m'madzi, kokhala ndi ndowe zomwazika m'tchire, ndi msewu wa mwini malo.

Nkhani ya Chivero ndi ina, ndipo ndi yofunika kuifotokoza mofatsa chifukwa ndi kumene mabanja ambiri amapita. Khoma lake linamalizidwa mu 1952 ndipo nyanjayi poyamba inkatchedwa Lake McIlwaine. Madzi ake ndi otambalala mahekitala oposa 2,600. Kugombe lakum'mwera kuli malo osungirako nyama kumene ana angaone zipembere zoyera, mbidzi, nyumbu ndi nswala, komanso zithunzi zakale zojambulidwa pamiyala. Kugombe lakumpoto kuli malo ogona, makalabu a maboti ndi malo osungirako mbalame a Kuimba Shiri. Kuchokera ku Chegutu ndi ulendo wa ola limodzi pa galimoto. Kumunsi kwake kuli Lake Manyame, lomwe limatchedwanso Darwendale Dam, limene linamalizidwa mu 1976 ndipo limadziwika kwambiri kwa okonda kuwedza.

Ntchito yeniyeni ya Chivero ndi kumwetsa mzinda wa Harare kudzera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Vuto n'lakuti mzindawo uli kumtunda kwa damu lake lomwe. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imadutsa m'kati mwa Harare, n'kulandira madzi ochokera kumalo osefera zonyansa za m'zimbudzi a Firle ndi Crowborough, kenako n'kutsikira m'Chivero. Mtsinje wa Manyame nawo umabwera ndi za ku Chitungwiza. Makina osefera akalephera kapena mapaipi akaphulika, zonyansazo zimafika m'nyanja zisanayeretsedwe. M'zonyansa zotere muli zakudya za zomera zofanana ndi za mu feteleza, ndipo madzi akalandira zochuluka, zomera za m'madzi zimakula mopitirira muyeso.

Choyamba kuoneka chinali namasupuni, yemweyo amene anthu a ku Liwonde amamudziwa pamtsinje wa Shire. Chomerachi chinachokera ku South America, ndipo pa Chivero chakhala chikulimbana ndi akatswiri kwa zaka zambiri: anayesa mankhwala, anayesa kuchizula, anayesanso tizilombo todya masamba ake. Koma namasupuni amaoneka ndi maso ndipo munthu angamulambalale. Choopsa kwambiri ndi ndere zobiriwira zimene zimayandama ngati penti wotayika pamwamba pa madzi nyengo yotentha. Kwenikweni ndere zimenezi ndi mabakiteriya, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Mu Disembala 2024 bungwe la ZimParks linalengeza kuti zipembere zoyera zinayi zafa zitamwa madzi a m'Chivero, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi, ndipo nsomba zambiri zinapezeka zitafa m'magombe. Bungweli linaletsa usodzi m'nyanjayi pa nthawiyo ndipo linasamutsa zipembere zina. Izi zinachitika pa madzi amene mu 2013 analembedwa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo miyezi yochepa chabe dziko la Zimbabwe lisanalandire msonkhano waukulu wa panganolo ku Victoria Falls mu Julaye 2025.

Mfundo imene mayi aliyense wopita kumeneko ayenera kuidziwa ndi yakuti kuwiritsa madzi sikuchotsa poizoni wa ndere. Ambirife tinaphunzitsidwa kuti madzi owiritsa ndi abwino, ndipo n'zoona pa tizilombo ta kolera, matenda amene anakantha Chegutu koopsa mu Disembala 2008 pa mliri umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Koma poizoni wa ndere amapirira moto. Madzi akumwa, ophikira ndi otsukira mbale za mwana ayenera kuchokera kunyumba m'zigubu. Nsomba yotoledwa itafa kale pagombe si ndiwo, ngakhale wogulitsa ataiwamba bwino chotani. Ndipo amene akufuna kuwedza afunse kaye ku ofesi ya pachipata za chilolezo ndi za mmene madzi alili sabata imeneyo, chifukwa ndere zimabwera ndi kutha potengera kutentha ndi mvula.

Palinso likodzo, limene limapezeka m'madamu ambiri a m'dzikoli monganso m'magombe ena a nyanja ya Malawi. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi osathamanga, makamaka m'malo osaya okhala ndi udzu, komwe ndi kumene ana amakonda kuviika mapazi. Timalowa pakhungu popanda bala lililonse, ndipo zizindikiro monga magazi mumkodzo zimadza patapita masabata kapena miyezi, pamene ulendo uja unaiwalika kale. Mankhwala ake a praziquantel alipo ndipo amagwira ntchito. Chofunika ndi kukumbukira kuuza dokotala kuti mwanayo analowa m'madzi a m'damu.

Za Claw Dam, damu la pamtsinje wa Muzvezve limene limamwetsa Kadoma, tinene mwachidule. Lili pafupi ndi tauni ndipo anthu amapitako kukawedza, koma lili m'dera la okumba golide pawokha, amene kuno amatchedwa makorokoza. Iwo amagwiritsa ntchito mercury polekanitsa golide ndi dothi, ndipo dera la Kadoma ndi Chakari linasankhidwa m'zaka za m'ma 2000 kukhala limodzi mwa malo a ntchito ya United Nations yofufuza za kuipa kwa mankhwalawa. Mercury akalowa m'madzi amaunjikana m'matupi a nsomba, makamaka zikuluzikulu zodya zinzake, ndipo amene ali pachiopsezo kwambiri ndi amayi oyembekezera ndi ana aang'ono.

Ngozi yoopsa kwambiri imene anthu amaikumbukira pa Chivero sinabwere ndi ng'ona kapena ndere. Pa tsiku la Khrisimasi mu 2011 boti loyendetsa anthu ongosangalala linagubuduka litanyamula anthu opitirira muyeso wake, ndipo ana 11 anamira. Masiku a tchuthi chachikulu ndi amene magombe amadzaza, mizere yokwerera maboti imatalika, ndipo woyendetsa amakopeka kuti awonjezere mutu umodzi kapena iwiri paulendo uliwonse. Kholo lili ndi ufulu wowerenga mipando, kufunsa majekete oyandamitsa a msinkhu wa mwana, ndi kukana kukwera ngati palibe. Mwana angalire chifukwa anzake akwera, koma pa zimenezi m'pofunika kuuma mtima.

Nanga nthawi yabwino ndi iti? Mabanja ambiri amasankha Khrisimasi chifukwa ndi pamene aliyense ali patchuthi, koma imeneyo ndi nyengo ya mvula, udzudzu, misewu yoterera ndi khamu la anthu. Kwa ife nthawi yoposa ndi tchuthi cha mu Ogasiti, pamene Lolemba lachiwiri la mweziwo limakhala tsiku la Heroes' Day ndipo Lachiwiri lotsatira ndi Defence Forces Day, sukulu zili zotseka. Masana kumakhala kofunda bwino ndipo udzudzu ndi wochepa, ngakhale neti isatsale. Usiku kumazizira kwambiri, pakuti derali lili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mbali mwa madzi chisanu chimalowa m'mafupa chakum'bandakucha. Mabulangete amafunika ambiri kuposa mmene munthu angaganizire ali kunyumba. Udzu umakhala utauma ndipo mphepo ya mweziwu ndi yamphamvu, choncho moto uyatsidwe pamalo okhawo amene anakonzedwa, ndipo uzimitsidwe ndi madzi anthu asanagone.

Tenti yogula kusitolo si yofunika kwenikweni. Ku Ngezi ndi ku Chivero kuli tinyumba ta ZimParks tobwereketsa, ndipo mabanja awiri kapena atatu angasonkherane ndalama ya galimoto imodzi, ufa, nkhuni ndi ndiwo, monga amachitira a mpingo akamapita kumsonkhano wa misasa. Amene asankha Ngezi agule zonse ku Kadoma kapena ku Chegutu asananyamuke, adzaze mafuta, ndipo akafike dzuwa lisanalowe kuti aone bwino pamene akukhoma tenti.